Phewa likamakana kukweza mkono: kapangidwe ka fupa, kung'ambika kwa mitsempha ndi zoyenera kuchita

Ikani chala pa fupa lopingasa lija limayambira pansi pa mmero, mulitsatire mpaka kuphewa. Kumapeto kwake, pamwamba penipeni pa phewa, mugunda kafupa kophwatalala. Achipatala amakatcha acromion. Sikali pakokha ayi, ndi nsonga ya fupa lalikulu la kumsana, lija limatuluka ngati phiko mwana akaonda, lomwe dzina lake ndi scapula. Nsonga imeneyi imatulukira panja n'kuphimba polumikizira mafupa a phewa monga khonde limaphimbira khomo la nyumba.

Pansi pa khondelo pamadutsa mitsempha. Mawu akuti mtsempha amanyamula zambiri m'Chichewa, wa magazi nawonso ndi mtsempha, koma pano tikunena uja woyera, wolimba ngati chingwe, womwe umakanika kutafuna mu nyama ya ng'ombe. Ntchito yake ndi kumangirira mnofu ku fupa. Paphewa pali minofu inayi yoyambira pa scapula, ndipo mitsempha yake imakumana n'kukuta mutu wa fupa la mkono ngati chipewa: supraspinatus pamwamba, infraspinatus ndi teres minor kumbuyo, subscapularis kutsogolo. Yonse pamodzi ndiyo rotator cuff. Mutu wa fupa la mkono ndi waukulu pomwe pokhalira pake ndi pang'ono ndiponso posaya, ngati lalanje mutalikhazika pa chitsekero cha botolo. Mnofu waukulu wa panja pa phewa, deltoid, ukamakoka mkono kuti ukwere umakankhiranso lalanjelo m'mwamba, ndipo minofu inayi ija ndi imene imaligwira kuti lisakagunde khonde.

Pa X-ray, mpata wa pakati pa khonde ndi mutu wa fupa la mkono umakhala mamilimita 7 mpaka 14, njere imodzi ya chimanga basi. M'kampata kameneka ndi momwe mumadutsa supraspinatus, ndipo ndi umene umang'ambika kawirikawiri kuposa itatu inayo.

Makonde samangidwa mofanana

Mu 1972 dokotala wa mafupa wa ku New York, Charles Neer, anafotokoza kuti mtsempha umenewu umaperepeseka pokhulana ndi kunsi kwa acromion, monga chingwe cha pachitsime chimadyekera pa mkombero wa simenti. Mu 1986 Louis Bigliani ndi anzake anapima mapewa 140 a anthu omwalira ndipo anagawa acromion m'mitundu itatu. Mtundu woyamba kunsi kwake ndi kophwatalala, ndipo unapezeka m'mapewa 17 pa 100 aliwonse. Wachiwiri ndi wopindika motsatira mutu wa fupa, 43 pa 100. Wachitatu uli ndi nsonga yokhotera pansi kutsogolo ngati mbedza, 39 pa 100. Chomwe chinatchukitsa kafukufukuyu n'chakuti pa mitsempha yonse yomwe inali yong'ambika mpaka kubooka, pafupifupi 70 pa 100 inali pansi pa fupa la mbedza, pomwe pansi pa lophwatalala inali yochepa kwambiri. Ndiye mukaona m'buku lanu la kuchipatala mwalembedwa kuti type III acromion, akunena mbedza imeneyo.

Muyeso wachiwiri unabwera mu 2013 kuchokera kwa madokotala a ku Zurich, ndipo suyang'ana mbedza koma kutalika kwa khonde kulowera panja. Amajambula mizere iwiri pa X-ray, yonse yoyambira kunsi kwa pokhalira mutu wa fupa: wina kupita pamwamba pa pokhalirapo, wina kupita kunsonga yapanja ya acromion. Ngodya ya pakati pa mizereyo imatchedwa critical shoulder angle. Kwa anthu ambiri imakhala pakati pa madigiri 30 ndi 35. Ikapitirira 35, mitsempha imang'ambika kawirikawiri. Ikachepera 30, vuto lomwe limakonda kubwera ndi nyamakazi ya kudyeka kwa mafupa a phewa. Chifukwa chake n'chomveka. Deltoid imayambira pa acromion, choncho khonde likatalika, mnofuwo umakoka molunjika m'mwamba m'malo mokanikizira mutu wa fupa pamalo pake. Supraspinatus imatsala ndi ntchito ya anthu awiri nthawi iliyonse mwakweza mkono, chaka ndi chaka.

Palinso ena omwe nsonga ya acromion sinagwirane ndi fupa lonse. Mwa mwana nsongayi imakhala tizidutswa tomwe timamatana munthu akamafika zaka 25, koma mwa anthu pafupifupi 8 pa 100 kachidutswa kamatsala kolendewera, kamatchedwa os acromiale, ndipo pa mafupa omwe anapimidwa ku America kanapezeka kwambiri mwa anthu akuda. Ambiri amakhala nako moyo wonse osadziwa. Kwa ena kamagwedera pansi deltoid ikakoka, n'kupana mtsempha.

Apa mpofunika kunena mosabisa kuti fupa si lokhalo lopalamula, ndipo mwina si lalikulu. Mbedza zambiri sizobadwa nazo, ndi kafupa komera ndi ukalamba, moti n'kovuta kudziwa chinayamba n'chiyani pakati pa mbedza ndi kuwonongeka kwa mtsempha. Madokotala awiri akhoza kuyang'ana X-ray imodzi wina nati mtundu wachiwiri, wina wachitatu. Komanso nthawi zambiri kung'ambika kumayambira kunsi kwa mtsempha, mbali yomwe sikhudzana n'komwe ndi khonde, pafupi ndi pomwe mtsempha umagwira fupa, malo omwe magazi amafika ochepa. Mu 2018 kafukufuku wa ku Britain wa odwala oposa 300 anapeza kuti opaleshoni yopala kunsi kwa acromion siinathandize kuposa kungolowetsa kamera m'phewa osapala kanthu. Zaka, kusuta fodya, shuga, kugwa, ndi ntchito yokwezetsa manja pamwamba pa phewa tsiku lonse, zonsezi zimawonjezera. Tinene kuti kapangidwe ka fupa kamakuuzani kuti chingwe chanu chikudutsa pa mkombero wakuthwa kapena wosalala. Kulemera kwa chidebe ndiye kuli m'manja mwanu.

Kudziyeza pakhomo

Mufunika munthu mmodzi wokuthandizani, ndipo chilichonse muyerekeze ndi phewa labwinolo. Vulani malaya kuti aone kumsana: ngati mnofu wa pa scapula ya mbali yodwalayo walowa m'kati n'kusiya dzenje, vutoli lakhalitsa.

Imani chilili, kwezani mkono cham'mbali pang'onopang'ono, chikhatho chikuyang'ana pansi. Ululu wa mitsempha imeneyi uli ndi malo ake. Umayamba dzanja likafika pamzere wa mchombo, umakula pamzere wa phewa, n'kuchepa dzanja likapitirira mutu, kutanthauza madigiri 60 mpaka 120. Umamveka panja pa mkono, pakati pa phewa ndi chigongono, moti anthu ambiri amaloza pamenepo osati paphewa penipeni. Usiku umadzutsa munthu akagonera mbali imeneyo.

Mkono ukakana kukwera, lekani kulimbana nawo, mnzanuyo aukweze yekha inu mutaulekerera. Ukakwera mpaka pamwamba, ndiye kuti polumikizira mafupa mpomasuka, vuto lili pa mtsempha. Ukakanabe ngakhale m'manja mwa wina, makamaka poupotozera panja, limenelo ndi phewa louma, frozen shoulder, lomwe limakonda anthu a shuga, kapena nyamakazi. Chithandizo chake n'china.

Tsopano akukwezereni mkono mpaka pamwamba, akusiyeni, muutsitse nokha pang'onopang'ono cham'mbali. Ukafika pamzere wa phewa n'kungogwa wokha ngati si wanu, pali mwayi waukulu woti mtsempha wang'ambika kwambiri.

Mphamvu muyeze katatu. Choyamba, tambasulani manja onse pamzere wa phewa, muwasunthire kutsogolo pang'ono, zala zazikulu ziloze pansi ngati mukukhuthula kapu, mnzanu akanikize pansi ndi zala ziwiri zokha. Apa mukuyeza supraspinatus. Chachiwiri, zigongono zigunde m'nthiti, manja aloze kutsogolo, mukankhire panja iye akukankhira m'kati: minofu ya kumbuyo. Chachitatu, ikani kuseri kwa dzanja pamsana, pamwamba pa lamba, muyese kulichotsa pamsanapo: subscapularis. Siyanitsani zinthu ziwiri, kuwawa koma mphamvu ilipo, ndi kufooka kwenikweni. Kufooka ndiko kumafuna changu.

Zomwe sizidikira

Ngati mwagwa, kaya pa njinga yamoto ya kabaza, pa makwerero kapena poterera m'dimba, ndipo kuyambira pomwepo mkono sukukwera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngakhale X-ray isonyeze kuti fupa silinathyoke, mkono ukakhalabe wofooka pakatha masabata awiri bwererani mukanene. Mtsempha wodukira pa ngozi umasokeka bwino m'masabata oyambirira. Ukakhalitsa umabwerera m'mbuyo ngati legeni yodulidwa, mnofu wake n'kuyamba kusanduka mafuta, ndipo zimenezo sizibwerera. Kwa munthu wopitirira zaka 40, phewa likaguluka n'kubwezeretsedwa, nthawi zambiri limasiya mtsempha utang'ambika.

Phewa lotupa, lotentha, thupi likutenthanso, ndi matenda a m'kati mwa mfundo ndipo ndi a lero lomwe. Ululu wa phewa wobwera ndi kuonda, kutuluka thukuta usiku kapena chifuwa chokhalitsa ukayezetsedwe TB. Wobwera ndi kuthina pachifuwa ndi phuma ukhoza kukhala wa mtima. Wotsika mpaka kuzala ndi dzanzi nthawi zambiri umachokera m'khosi.

Mukafika kuchipatala

Pa chipatala cha boma cha Dedza, monga m'zipatala zina za maboma, nkhani za mafupa amaziona ndi orthopaedic clinical officer. Muwauze zinthu izi musanafunsidwe: tsiku lomwe zinayamba, ngati munagwa, dzanja lomwe mumagwiritsa ntchito, ntchito yanu, ngati mumasuta, muli ndi shuga kapena zilonda za m'mimba, ndi mankhwala onse omwe mukumwa kuphatikizapo ma ARV.

X-ray sionetsa mtsempha, imaonetsa fupa lokha. Munthu akhoza kuuzidwa kuti X-ray ili bwinobwino mtsempha uli wong'ambika. Chomwe imathandiza ndi kuonetsa khonde, koma ikajambulidwa moyenera. Mbedza imaoneka pa chithunzi cha cham'mbali chotchedwa outlet view, makina atapendekera pansi madigiri 10 mpaka 15. Ngodya ija ya critical shoulder angle imayezedwa pa chithunzi cha kutsogolo chotchedwa true AP, wodwala atatembenukira mbali yodwalayo pang'ono kuti pokhalira mutu wa fupa paoneke ngati mzere umodzi. Thupi likapotoka pang'ono chabe, nambala imasintha ndipo siyodalirika. Os acromiale imaoneka bwino pa chithunzi chojambulira kukhwapa, axillary view, ndipo m'mphepete mwake mumakhala mosalala, kusiyana ndi fupa lothyoka kumene. Mpata uja wa pakati pa khonde ndi mutu wa fupa ukachepera mamilimita 7, mutu wa fupa wakwera, chizindikiro cha kung'ambika kwakukulu ndiponso kwakale.

Mtsempha weniweni umaoneka pa sikani ya ultrasound, ngati pali woidziwa bwino ya phewa, kapena pa sikani ina yotchedwa MRI. Zikafika pamenepo kapena pa opaleshoni, njira ya anthu a ku Dedza ndi kalata yotumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, komwe kuli Lilongwe Institute of Orthopaedics and Neurosurgery. Koma sikani ikaonetsa kung'ambika musataye mtima msanga. Mu 1995 ofufuza ku America anajambula MRI anthu osamva ululu uliwonse, ndipo mwa opitirira zaka 60 oposa theka anali ndi mtsempha wong'ambika, osadziwa.

Kusintha kagwiridwe ka ntchito

Kupumuliratu sikuthandiza, phewa limauma. Chofunika ndi kuchotsa katundu pamalo owawa aja kwa masabata 6 mpaka 12. Lamulo lake ndi limodzi: cholemera chikhale pafupi ndi thupi, chigongono pansi pa phewa.

Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, ndipo choopsa si kusenza koma kutwika ndi kutula. Ikwezeni kaye pa bondo kapena pa chipupa cha mjigo, wina akutwikeni, apo ayi tengani theka maulendo awiri. Okweza matumba a mbatatesi m'galimoto ku Bembeke kapena pa Lizulu asamaponye thumba kuchokera pansi: anthu awiri, thumba lidutse pa mulu wa matumba ena ngati sitepe. Womanga ndi wopulasitala akweze sikafodi kuti ntchito ikhale pakati pa chiuno ndi chifuwa. Thabwa limodzi lowonjezera limachotsa maola ambiri okweza manja. Ocheka matabwa ku Chongoni azisinthana malo pafupipafupi. Posinja, munsi usapitirire chipumi, ndipo pa masabata amenewa chigayo n'chotchipa kuposa phewa. Polima, khasu lisapite kuseri kwa mutu. Kuzizira kwa Dedza mu June ndi July sikung'amba mtsempha, koma kuyamba ntchito yolemera m'mamawa thupi lili gwa kumapweteketsa, choncho yambani ndi zopepuka kwa mphindi khumi.

Pogona, gonerani mbali yabwino mutakumbatira pilo kapena bulangeti lopinda kuti mkono wodwala usagwere kutsogolo. Mukagona chagada, ikani kansalu kopinda pansi pa chigongono.

Mafizo

Zipangizo zake ndi chubu chakale cha njinga chodulidwa mulitali, kukula kwake zala ziwiri, botolo la madzi la theka la lita, ndi kathaulo.

Masabata awiri oyamba ndi omasula ndi kudzutsa minofu. Weramani, dzanja labwino litsamire patebulo, lodwalalo lilendewere, mulizunguze timizere ting'onoting'ono pogwedeza thupi, mphindi imodzi kapena ziwiri. Kenako khalani pampando, dzanja pa kansalu patebulo, mulitsetsereze kutsogolo ndi kubwerera ka 10. Pomaliza imani cham'mbali pa khoma, chigongono chili m'nthiti, mukanikize kuseri kwa dzanja pakhomapo masekondi 10, osasuntha kanthu, kasanu. Mphamvu yake ikhale theka chabe. Chitani zimenezi kawiri pa tsiku.

Kuyambira sabata lachitatu mangani chubu pa chitseko kapena pamtengo, pamzere wa mchombo. Panirani kathaulo kopinda pakati pa chigongono ndi nthiti, mukoke chubu potembenuzira dzanja panja, mubwerere pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 3. Kathauloko ndi mlonda: kakagwa ndiye kuti chigongono chachoka ndipo ntchito yalandidwa ndi deltoid. Tembenukani, mukokere m'kati, cha kumimba. Kenako yang'anani chitseko, gwirani nsonga zonse ziwiri za chubu, mukokere zigongono kumbuyo uku mukufinyira ma scapula pamodzi ndi pansi, ngati mukufuna kuwalowetsa m'matumba a kumbuyo a thalauza. Limeneli anthu amalinyozera, koma ndi lomwe limakhudza khonde mwachindunji. Fupa simungalisinthe kapangidwe, koma scapula imayenda, ndipo minofu yake ikalimba imapendeketsa acromion m'mwamba ndi kumbuyo mkono ukamakwera. Munthu wokhala chowerama, mapewa atagwera kutsogolo, amatsitsira yekha khonde pa mtsempha. Yesani pompano: weramitsani msana mukweze mkono, kenako wongokani mukwezenso, muona kusiyana kwake.

Lililonse muchite ka 10 mpaka 15, maulendo atatu, tsiku lililonse kapena kudumpha tsiku limodzi. Pofika sabata lachisanu ndi chimodzi onjezani kugonera mbali yabwino n'kumakweza botolo la madzi chigongono chili m'nthiti, ndiponso kukweza mkono chala chachikulu chikuloza kumwamba, osapitirira pamzere wa phewa poyamba. Likapepuka la theka la lita, tengani la lita imodzi.

Zolakwika zake ndi zodziwika. Kukweza phewa kufika kukhutu pokweza mkono, choncho chitani pagalasi kapena wina akuyang'anireni. Kudula chubu chachikulu mwakuti thupi lonse limapotoka pokoka. Kuthamanga pobwerera, pomwe phindu lalikulu lili pobwerera pomwepo. Ndi kusiya pa sabata lachitatu poti ululu wachepa. Kuwawa pang'ono pochita, 3 kapena 4 pa 10, n'kololedwa malinga kutha pofika mawa lake. Kukakusowetsani tulo usiku umenewo, mwapyola muyeso, chepetsani ndi theka. Kafukufuku wa ku America wa mu 2013 anatsatira anthu oposa 400 omwe mtsempha unabooka popanda ngozi, ndipo atachita mafizo otere, pafupifupi atatu mwa anayi anali asanachitidwe opaleshoni patatha zaka ziwiri. Mtsempha wobooka sudzisoka wokha, koma minofu yotsalayo imaphunzira kugwira ntchitoyo.

Mankhwala, jakisoni ndi opaleshoni

Panado kwa wamkulu ndi mapiritsi awiri a 500 mg pa maola 6 aliwonse, osapitirira mapiritsi 8 pa tsiku. Ibuprofen 400 mg katatu pa tsiku mutadya, kwa masiku ochepa okha. Musamwe ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena muli oyembekezera, ndipo a BP ndi omwe ma ARV awo ali ndi tenofovir afunse kaye, poti ibuprofen amalemetsa impso. Musaphatikize ibuprofen ndi diclofenac kapena indocid, ndi banja limodzi. Kuthowa ndi nsalu yofunda kwa mphindi 15 musanayambe mafizo kumathandiza. Mphini zimathera pakhungu, pomwe mtsempha uli pansi pa mnofu ndi fupa.

Jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, wobayidwa pansi pa acromion amaziziritsa ululu kwa masabata angapo kuti munthu athe kugona ndi kuchita mafizo. Sasoka kanthu, amakweza shuga kwa masiku angapo, ndipo kubayitsa mobwerezabwereza kumafooketsa mtsempha womwewo.

Opaleshoni yosoka mtsempha imaganiziridwa kwa wong'ambika pa ngozi, makamaka amene akadali pa msinkhu wogwira ntchito zamanja, ndi kwa amene wachita mafizo mokhulupirika miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi koma mkono ukadali wofooka. Konzekerani nthawi yake: mkono umakhala m'chomangira masabata 4 mpaka 6, mafizo amatenga miyezi, ndipo khasu kapena thumba la makilogalamu 50 sizigwiridwa isanathe miyezi isanu ndi umodzi. Ngati si ya ngozi ndipo mwapatsidwa mpata wosankha, mlimi wodalira mvula achitidwe akangokolola, mu May kapena June, kuti pofika nthawi yopalira mkono ukhale utayamba kubwerera. Wosuta asiyiretu fodya masabata angapo opaleshoni isanachitike, chifukwa mwa osuta msoko umaphwasuka kawirikawiri.